Masiku 14 okha: Fátima, Porto ndi ulendo wapansi wa ku Santiago zingakwanire?

Nangozo wa ku Leeds

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 54, kwathu ndi ku Dedza, parishi ya Bembeke, koma kuno ku Leeds ndakhala zaka 9 ndikugwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Ndabwera kudzagwira mwendo inu amene munayendapo njira ya ku Santiago de Compostela ku Spain, chifukwa ine mutu waima. Mapu ali mbwee patebulo, ndipo mwana wanga wanena kale kuti ndikatchulanso Santiago pa nthawi ya nsima asamukira kwa anzake.

Mayi anga anatisiya mu Novembala. Tikiti ndinaipeza mochedwa, ndinakafika atayikidwa masiku atatu apitawo, nkhata zitayamba kufota pamtumbira. Mayi amenewo ankayenda wapansi makilomita 7 kupita ku Misa Lamulungu lililonse, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe, n'kukazivalira pakhomo pa tchalitchi. Anasiya ali ndi zaka 80, maondo atakana. Ndiye nditagwada pamanda paja ndinalonjeza kuti ndidzawayendera ulendo umodzi wautali, wa miyendo, osati wa basi. Bambo mfumu athu kuno ndi amene anandiuza za Santiago, kumene kuli manda a Yakobo Woyera, mtumwi uja Herode anamupha ndi lupanga.

Kuntchito andipatsa masiku 14, kuyambira pa 15 Seputembala mpaka pa 28. Kuti apezeke ndinachita kugulitsa Khrisimasi yanga kwa mnzanga wa shifiti ya usiku, ndiye owonjezera palibe. Maganizo anga anali akuti ndikwere ndege ku Manchester ndikatsike ku Porto, ndiyambire pa tchalitchi chachikulu cha mumzindamo, ndiyende makilomita onse 240 mpaka ku Santiago. Koma sindingaponde dziko la Portugal n'kubwerera osawaona Amayi Maria ku Fátima. Azimayi a mumphakati wathu kumudzi atumiza kale makolona 11 oti ndikadalitsitse, ndipo mukuwadziwa anthu akwathu, akawerenga. Mzinda wa Porto nawo ndikufuna ndiuone bwino, osati kungoudutsa. Ndinaonanso zithunzi za masitepe a Bom Jesus ku Braga mtima n'kuthawira komweko. Wina wandiuza za msika waukulu wa Lachinayi ku Barcelos. Ndipo ndikamaliza zonse ndikufuna ndikaime ku Finisterre, kumene akale ankati dziko lathera.

Ndawerenga pazala, zala zatha ulendo usanathe.

Za thupi ndinene zoona. Pa shifiti ya maola 12 sindikhala pansi, ndiye kuyenda sindikuopa. Koma bondo lakumanzere limalira ndikamatsika masitepe, ndipo ndimamwa mankhwala a BP. Ulendo wanga wautali kwambiri ndinayenda mwezi watha, kutsata ngalande ya maboti kuchokera ku Leeds mpaka ku Saltaire, makilomita pafupifupi 20, popanda katundu kumsana. Ndinabwerera pa sitima, ndipo m'mawa mwake ndinatsika pabedi ngati nkhalamba zanga zomwe.

Kodi zonsezi zingalowe m'masiku 14, kapena ndikudzinamiza? Ngati pali choti ndidule, ndidule chiti? Ndipo amene muli ndi pasipoti ya Malawi ngati ine, viza munaitenga bwanji, poti ndamva kuti malo ogona otchipa a m'njiramo sabukitsa?

Bambo a Tadala, Dublin

Pepani ndi maliro, mayi Nangozo. Mzimu wa mayi uuse mumtendere.

Ine njira ya ku Porto ndinaiyenda yonse, masiku 12, ndili ndi zaka 47 komanso maondo abwinobwino. Ndinanyamuka ndi mndandanda wautali kuposa wanuwo. Ndikuuzeni mmene unathera. Tsiku lochoka ku Barcelos kupita ku Ponte de Lima ndi makilomita 34. Ndinali nditalemba kuti ndikafika ndikaone mlatho wakale, ndikaone nsanja imene inali ndende, ndikayende m'mbali mwa mtsinje dzuwa likamalowa. Ndinafika cha m'ma 6 madzulo, matuza awiri ataphulika m'sokosi. Chimene ndinaona ku Ponte de Lima tsiku limenelo ndi matabwa a bedi la pamwamba panga. Mlathowo ndinauwoloka kawiri, madzulo ndi m'mawa kukadali mdima, koma mutandifunsa kuti ukuoneka bwanji ndikuonetsani chithunzi cha pa intaneti. Miyendo ikatopa maso nawo amatseka. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusiyo ndinali ine.

Ndiye langizo langa ndi lakuti zoona malo zikuluzikulu muziike koyambirira, miyendo ikadali yanu, ndipo ulendo wapansi muufupikitse. Musayambire ku Porto. Kutuluka mumzindamo ndi tsiku lathunthu la misewu ya galimoto ndi mafakitale, ndipo misewu yambiri ya kumpoto kwa Portugal ndi yoyala timiyala ting'onoting'ono tolimba, tokongola pachithunzi koma tankhanza kumapazi. Yambirani ku Ponte de Lima. Kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 155, masiku 8, ndipo palibe tsiku lopitirira 25. Satifiketi imene amapereka ku Santiago ukamaliza ulendo, amaitcha Compostela, imafuna makilomita 100 a miyendo, ndiye mwapitirira kale.

Masiku anu ndikanawayala chonchi. Pa 15 mwafika ku Porto, mwagona. Pa 16 m'mawa basi ya ku Fátima, maola awiri kapena kupitirirako pang'ono, ndipo mukagone komweko. Apa ndiye ndikuumirira. Anthu ambiri amapita masana, kujambula, kugula makandulo n'kubwerera. Fátima yeniyeni ndi ya usiku, 9:30, pa kolona ya makandulo pa kachalitchi kakang'ono kaja ka pamalo pamene ana atatu aja anaonera Amayi Maria mu 1917. Gawo lililonse la kolona amalitsogolera m'chilankhulo china, inu mumangoyankha m'Chichewa chanu, palibe akuyang'aneni. Muli ndi mwayi kuti mukufika pa 12 ndi 13 patadutsa, masiku amenewo kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumakhala chinamtindi, bedi kulipeza n'kovuta. Masana mukaone manda a Francisco, Jacinta ndi Lúcia m'tchalitchi chakale chija, ndipo ngati mphamvu ilipo muyende makilomita awiri kupita ku Aljustrel, kumudzi kwawo. Tinyumba tawo n'tating'ono, tamdima, khola la nkhosa lili pambali. Ine pamenepo ndi pamene nkhani ija inandilowa, chifukwa ndinaona kuti anali ana oweta ziweto ngati mmene tinalili ife.

Pa 17 mwabwerera ku Porto. Mukagule kabuku ka zidindo zotsimikizira kuti mwayendadi, credencial, pa tchalitchi chachikulu, ndi timayuro tochepa, ndipo chidindo choyamba akudindirani pomwepo. Mutsetserekere ku siteshoni ya São Bento mukaone makoma a matailosi abuluu, muwoloke mlatho wa Dom Luís pamwamba pake, mukhale pansi tsidya linalo muziuyang'ana mzinda. Zakwana. Porto ndi mzinda wa zitunda, musathere bondo pamenepo. Pa 18 sitima ya ku Braga, ola limodzi. Masitepe a Bom Jesus ndi opitirira 500, ndipo ndi bondo lanulo ndingati mukwere kasitima kamene kali pambali pake, kamene kamayendera kulemera kwa madzi kuyambira 1882, mutsikenso nako. Masitepewo muwaonere pamwamba ndi pansi. Madzulo basi ya ku Ponte de Lima, mukafike kukuwala, mukandionereko mlatho wanga uja.

Barcelos ndi Finisterre zigwe. Msika wa Barcelos ndi waukuludi, koma munthu amene anakulira pafupi ndi Lizulu sangadabwe ndi kabichi. Finisterre ndi makilomita ena 90, pa basi ndi tsiku lonse kupita ndi kubwera, ndipo tsiku limenelo mulibe.

Tsopano musaganize kuti mukayamba kuyenda ndiye kuti zoona zatha. Zimene ndimakumbukira ine mpaka lero sizinali pa mndandanda. Dera limenelo amalima chimanga, mayi. Chimanga chenicheni, minda yake ing'onoing'ono yozunguliridwa ndi mphesa zoyanga pa mizati ya miyala, ndipo mu Seputembala chimakhala chikuuma, masamba akuchita phokoso lija mukulidziwa. Pakhomo lililonse pali nkhokwe. Zawo ndi zazitali ngati bokosi, zamiyala kapena zamatabwa, zoimikidwa pa miyendo, ndipo pamwamba pa mwendo uliwonse pali mwala wafulati wotchinga makoswe kuti asakwere. Kamtanda kali padenga. Ndinaima pa yoyamba mphindi khumi ndikuizungulira, mpaka gogo wina anatuluka kudzaona kuti munthu wakudayu akufunanji pa nkhokwe yake. Chipwitikizi sindidziwa, iye Chingerezi sadziwa. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa nkhokwe ya bambo anga ku Ntcheu, yansungwi, yofolera ndi udzu. Anaitana mkazi wake. Anandipatsa buledi wa chimanga, amati broa, wolemera ngati chikondamoyo chogona, ndi mphesa zodzaza chipewa. Kuseri kwa nyumba kunali ndiwo zamasamba zazitali kufika m'chiuno, zothyola tsamba limodzilimodzi ngati repu wathu. Supu wake ndi amene mudzadye pafupifupi usiku uliwonse.

Tsiku loyamba, Ponte de Lima mpaka Rubiães, ndi lalifupi, makilomita 18, koma ndi limene lili ndi phiri la Labruja. Pamwamba pake ndi mamita 400 okha, kwa munthu wa ku Dedza ndi chulu, koma chigawo chomaliza ndi miyala yokhayokha, njira yake ngati ngalande yokumbidwa ndi madzi a mvula. Mitengo ya paini ya pamenepo aimangirira timatumba tolandira utomoni, fungo lake lili ponseponse. Tengani ndodo ziwiri, osati imodzi, ndipo madzi mudzaze musanayambe kukwera. Kutsika kwake ndi kumene bondo lidzalankhule.

Tsiku lachiwiri mumalowa mu linga la Valença, ndipo njira imadutsa m'kati mwenimweni, ndiye kuona kwake n'kwaulere. Muli masitolo a matawulo ndi nsalu za pabedi okhaokha, musagule, mudzanyamula. Kenako mlatho wachitsulo pa mtsinje wa Minho, sitima pamwamba, magalimoto pansi, inu m'mbali madzi akuoneka kunsi. Pakati pa mlatho mwalowa mu Spain, popanda wofunsa pasipoti, ndipo nthawi yalumpha ndi ola limodzi. Ine ndinaiwala, ndinakafika pa tchalitchi cha Tui, tauni ya kutsidyako, ndikuti nthawi ilipo, ndinapeza akutseka.

Kuchoka apo ndi O Porriño, Redondela, Pontevedra, Caldas de Reis, Padrón, Santiago pa 26. Musanafike ku O Porriño njira imagawikana, ina yodutsa m'mafakitale, ina yotsata kamtsinje m'nkhalango. Tengani ya kumtsinje ngakhale ikutalikirapo. Ku Pontevedra yesetsani kufika masana, ndi mzinda woti munthu akhale pabwalo n'kumangoona anthu, magalimoto m'kati mwake ndi ochepa kwambiri, ndipo kachalitchi ka Peregrina anakamanga mozungulira ngati chigoba chija aulendo amapachika pachikwama. Ku Caldas kuli madzi otentha otuluka pansi, ngati a ku Mawira ku Nkhotakota. Pali dziwe lamiyala lochapira zovala lakalekale, ndipo madzulo mumapeza aulendo atandandalika m'mbali mwake, mathalauza atapinda, mapazi ali m'madzi, aliyense ali duu. Ine ndinakhala pakati pa mnyamata wa ku Korea ndi gogo wa ku Brazil, tonse tikungobuula. Ngati matuza aphulika musaviike.

Agogo a Mphatso, Area 25

Koma abale inu a kunja mwatipeza. Kulipira ndege, kulipira viza, kugula nsapato za mapaundi, cholinga mukayende wapansi? Bwerani kuno mafuta akasowa, tikuyendetsani kuchokera ku Kanengo mpaka m'tauni ulere, chidindo ndikudindirani ine.

Nthabwala pambali, mwana wanga Nangozo, pepa ndi maliro. Ine kunjako sindinapiteko, koma ndinapita ku Namugongo ku Uganda pa chikondwerero cha Amaritiri cha pa 3 Juni. Ife tinali pa basi, koma tinapeza anthu amene anayenda wapansi masabata awiri, ena atatu, mapazi atatupa ngati maungu, akugona m'masukulu ndi m'maparishi. Sindinamve mmodzi yemwe akufunsa kuti msika wabwino uli kuti. Ndiye chondidetsa nkhawa pa kalata yako n'chakuti malo okaona achuluka kuposa mapemphero. Unalonjeza pamanda. Lonjezo la pamanda si holide. Mapanga awiri avumbwitsa. Ukapite ku Fátima, eya, amenewo ndi mapemphero. Koma za milatho ndi matailosi udzapitenso ulendo wina ndi mwana wakoyo.

Ndipo ukalape usananyamuke, osadikira kukafika.

Nachisale, Manchester

Achemwali, ine ndiyankhe za viza poti abambo a Tadala aiwala, kaya iwo ali kale ndi pasipoti yofiira.

Khadi kapena chilolezo chanu chokhalira kuno ku UK sichikulowetsani ku Portugal kapena ku Spain. Mukufunika viza ya Schengen, ndipo imodzi ikukwanira mayiko onse awiri. Chimene ambiri amalakwitsa ndi kokapempha. Simupempha ku dziko limene mukatsikire ndege, mumapempha ku dziko limene mukagone masiku ambiri. Pa ndondomeko ya abambo a Tadala ndawerenga mausiku 5 ku Portugal ndi 7 kapena 8 ku Spain, ndiye kuti ndi Spain, ngakhale ndege ikutera ku Porto. Mukasintha n'kuyambira ku Porto wapansi, chiwerengero chitembenuka. Ndiye yambani mwamanga ndondomeko, viza pambuyo. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo vuto lenileni si viza koma kupeza tsiku lokaonekera, m'chilimwe malo amatha ngati shuga wotchipa. Mtengo wake ndi mayuro 90, ndipo pamwamba pake mulipiranso ya ofesi yolandira mapepala. Mufunika inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki, tikiti yobwerera, ndi umboni wa pogona usiku uliwonse.

Pa pogona paja mwamva zoona. Ma albergue, nyumba zogona aulendo, a boma ku Galicia, dera la Spain kumene kuli Santiago, ndi otchipa, mayuro 10 pa usiku, koma sabukitsa, wofika msanga ndiye wagona. Mzungu wa pasipoti yake angoyenda n'kugona pamene dzuwa lamulowera. Ife ufulu umenewo tilibe, pepala likufuna dzina la malo ndi tsiku. Ine ndinabukitsa ma albergue a anthu wamba, amene amalandira mabukingi, mausiku onse, ndipo ndinalemba kalata ya tsamba limodzi yofotokoza kuti ndikuyenda Camino, njira ya ku Santiago ija, tsiku lakuti ndigona kwakuti, makilomita akuti. Inatuluka popanda funso. Poyamba ndinkadandaula kuti ndadzimanga, koma m'njiramo ndinaona ubwino wake. Anzanga ankadzuka 5 koloko, tochi pamphumi, kuthamangira bedi. Ine ndinkadziwa kuti langa lilipo, ndiye ndikapeza tchalitchi chotsegula ndinkalowa n'kukhala. Komanso a boma aja amatseka chitseko 10 koloko usiku, 8 koloko m'mawa mukhale mutatuluka, ndipo salola kugona kawiri ngati simukudwala.

Pamene ndikusiyana ndi abambo a Tadala ndi poyambira. Ine ndinayambira ku Tui, makilomita pafupifupi 115, masiku 6, ndipo sindikuona kuti ndinaperewera kanthu. Ndi bondo lolira komanso BP, phiri la miyala pa tsiku loyamba lenileni ine sindikulikonda. Mukayambira ku Valença kapena ku Tui mwapulumutsa masiku awiri, limodzi mupume ku Pontevedra, lina mupite ku Finisterre kwanuko. Ganizirani. Ndipo musachite manyazi kutumiza chikwama. A positi ya ku Spain, Correos, ndi makampani ena amachinyamula m'mawa n'kukachisiya kumene mukagone, pa mayuro ochepa patsiku. Ena amanyoza kuti si ulendo weniweni. Amenewo maondo awo ndi awo. Mukasankha kunyamula nokha, chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwanu: zovala ziwiri, jekete ya mvula poti Galicia ndi kwa mvula, mapatapata a madzulo, vaselini wopaka kumapazi m'mawa uliwonse, ndi totsekera m'makutu. Nkonono za m'chipinda cha anthu 20 si zamasewera. Mukafika pogona yang'anani m'mphepete mwa matiresi musanayale, nsikidzi si za kwathu kokha, ndipo chikwama musachiike pabedi.

Kuyambira ku Tui zidindo zikhale ziwiri patsiku, pogona chimodzi, china pa tchalitchi kapena pomwera khofi. Ku Padrón mukalowe m'tchalitchi cha Santiago cha m'mbali mwa mtsinje, pansi pa guwa pali mwala umene amati anamangirirapo bwato limene linabweretsa thupi la mtumwi. Tsabola wawo wotchuka uja mukadye, amati wina amawawa wina sawawa, koma kwa ife a kambuzi yense ndi ndiwo chabe.

Ku Santiago zinthu ziwiri zisakudzidzimutseni. Ndi chikwama chachikulu salowetsa m'tchalitchi, ndiye kachisiyeni kaye kogona. Ndipo chofukizira lubani chachikulu chija mumachiona pa YouTube, Botafumeiro, chokokedwa ndi amuna 8, sachiyendetsa pa Misa iliyonse. Ine ndinapita Misa ziwiri, ya 12 koloko ndi ya madzulo, chinangokhala chili lende. Ndinakhumudwa tsiku lonse, zopusa ndithu, munthu nditayenda ulendo wonsewo. Mukalowe pamzere wokakumbatira chifanizo cha mtumwi kuseri kwa guwa, mutsikire kunsi kumanda, pamenepo ndi pamene mwadzera.

Chomaliza, ndipo ichi ndi chanu. Ku ofesi ya aulendo ku Rúa Carretas, polemba Compostela, mukhoza kuwauza kuti mwayendera munthu amene anamwalira. Amalemba dzina lanu, kenako mawu a Chilatini akuti vicarie pro, n'kuika dzina la malemuwo. Ine ndinalembetsa la mchimwene wanga. Dzina la mayi mulilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, maina athu amawavuta.

Mwachita bwino kusadikira 2027. Chimenecho ndi Chaka Choyera, poti 25 Julayi ikugwa Lamulungu, ndipo mu 2024 mokha, chaka wamba, anthu olandira Compostela anali pafupifupi 500,000.

Nangozo wa ku Leeds

Zikomo nonse, mwandimasula. Achemwali a Nachisale, za vicarie pro zija ndaziwerenga ndili pa buleki kuntchito, ndinachita kukabisala m'chipinda chochapira. Sindinkadziwa. Dzina la mayi ndalilemba kale pa kapepala, lili m'pasipoti.

Agogo a Mphatso, mawu anu ndawamva ndipo sindikuwataya. Ndikalapa Loweruka lomwe lino. Koma mundilole ndiwaikire kumbuyo mayi anga pang'ono, poti inu simunayende nawo. Makilomita 7 aja pobwerera ankatenga maola atatu. Ankaima pa munda uliwonse. Uyu wabzala mothinana, uyu feteleza wathira mochedwa, uyu mbatata yake ndipemphako mbewu. Ankaima pa mlatho kuona ngati madzi atsika, ankaima pa msika kufunsa mtengo wa tomato amene sankafuna kugula. Kolona ili m'dzanja nthawi yonseyo, ikuyenda. Ife ana tinkafika kunyumba njala itatipha. Ndiye ndikakadutsa nkhokwe ya gogo wa ku Portugal osaizungulira, osaona ngati chimanga chake chili ndi anankafumbwe, mayi amenewo akandifunsa kuti unkayenda ndi maso a yani. Matailosi mwina ndi anga, ndavomera. Koma minda ndi yawo.

Pa poyambira ndasinkhasinkha usiku wonse. Mtima uli ku Ponte de Lima, chifukwa cha chimanga chija. Finisterre ndaisiya, Barcelos ndaisiya. Ndapangana ndi bondo kuti Lamulungu likubwerali tikakwere ku Ilkley Moor ndi chikwama cha makilogalamu 6 ndi ndodo ziwiri zobwereka. Likatsika osalira kwambiri, Ponte de Lima. Likakana, Valença, ndipo sindidzakangana nalo. Mabukingi ndiyamba Lolemba ndikaona zotsatira, poti mbali zonse ziwiri viza ndi ya Spain.

Funso lina laling'ono, musandiseke. Ufa ndinyamule? Masiku 14 opanda nsima sindinayesepo chibadwire. Nanga makolona 11 aja, akadalitsidwa ku Fátima ndiyende nawo njira yonse?

Bambo a Tadala, Dublin

Mayi Nachisale, pasipoti ikadali ya kwathu, ndinangoiwala, ndipo mwafotokoza bwino kuposa mmene ndikanachitira. Za phiri mwanena zoona, mayeso a Lamulunguwo aweruze.

Ufa usiyeni, mayi Nangozo. Ine ndinanyamula kilogalamu imodzi. Makhitchini ambiri a m'ma albergue a boma ku Galicia ali ndi chitofu koma mapoto mulibe, ndipo kumene ndinapeza poto kunalibe mthiko. Ndinaphika kamodzi kokha, ku Rubiães, ndi supuni yamatabwa yothyoka, anthu asanu ataimirira kumbuyo kwanga akujambula. Wotsalawo ndinausenza mpaka ku Redondela n'kuusiya pashelefu. Broa ndi nsomba zowotcha za sadini zikusungani. Chimene muyenera kukumbukira ndi kugula zakudya Loweruka, chifukwa Lamulungu masitolo ambiri amatseka, ndipo ku Spain chakudya chamadzulo sichiyamba 8 koloko isanakwane.

Makolona musayende nawo onse. Poti ndege yobwerera mukakwerera ku Porto, ndipo basi yochokera ku Santiago ndi maola atatu kapena anayi, funsani kumene mudzagone pa 17 ngati angakusungireni kachikwama mpaka pa 28. Ambiri amalola, ena amalipiritsa pang'ono. Muikemo makolona 10, zovala za mundege ndi zonse mukagule ku Fátima. Imodzi ikhale m'thumba. Ngati mwasankha basi ya pa 28 m'mawa, ndege ikhale ya usiku, ndipo kumbukirani kuti powoloka Minho ola lija akubwezerani.